Datsun 240Z ndi Peugeot 504 Coupé: Iti Ikadakwera Bwino Phiri la ku Namwera?

Pali galimoto zina zimene sizinapangidwe kuti zinyamule matumba a chimanga kapena kuthamangira ndi wodwala kuchipatala. Zinapangidwa kuti zithamange basi, ndi kuti mwini wake amve kukoma pogwira chiwongolero. Azungu amazitcha galimoto za masewera. Kawirikawiri zimakhala zazifupi msinkhu, za zitseko ziwiri, ndipo injini yake imakhala yamphamvu kuposa thupi limene yanyamula. Munthu wa kumudzi akaiona galimoto yotere amapukusa mutu, nafunsa kuti nanga katundu akhala pati. Funso lakelo si lopusa ayi.

Mwa galimoto zotere zimene zinatchuka m'zaka za m'ma 1970, pali ziwiri zimene dzina lake linakula chifukwa cha fumbi ndi matope a mu Africa muno. Ina ndi Datsun 240Z ya ku Japan, inzake ndi Peugeot 504 Coupé ya ku France. Zonse ziwiri zinapambanapo mpikisano wa Safari Rally, umene pa nthawiyo unkadziwika kuti ndiwo wopha galimoto kuposa mipikisano ina. Zonse ziwiri zinaleka kupangidwa kalekale. M'misewu ya Malawi galimoto za mtundu umenewu zinali zosowa zedi, koma abale ake, a Peugeot 404 ndi 504 wamba, a Datsun 1200 ndi 120Y, ankadziwika ndi mwana aliyense. Madalaivala amene anagwira chiwongolero masiku amenewo mpaka lero samvana pa funso lakuti yolimba inali iti, ya Afalansa kapena ya Ajapani. Mkangano wotere sungathe ndi pakamwa pokha. Galimoto imaweruzidwa ndi msewu, ndipo m'boma la Mangochi muli msewu umodzi woyenera mpando wa woweruza.

Munthu wochoka pa boma la Mangochi kupita ku Namwera amawoloka mtsinje wa Shire pa mlatho, nayenda pang'ono m'chigwa chotentha cha migwalangwa ndi milambe. Kenaka msewu umayamba kukwera. Umakhotera kumanja, kukhotera kumanzere, kukhotanso, phiri lili mbali ina, phompho mbali inayo, kufikira wapaulendo akacheuka amaona chigwa chonse cha Shire chili pansi penipeni ngati chojambula. Pamwamba pake mphepo imasintha, kumayamba kuzizira, ndipo dziko la Mfumu Jalasi limaonekera ndi minda yake ya fodya ndi chimanga. Mtunda wonsewo ndi makilomita ngati 40 okha. Kupitirira pa Namwera msewu umakafika pa chipata cha Chiponde, moyang'anana ndi Mandimba wa ku Mozambique. Msewu waukuluwo ndi wa tala, koma njira zopatukira kumidzi ndi ku maesiteti ndi zadothi, ndipo dzinja likafika zimasanduka phala. Motero galimoto yofuna kutamandidwa ku Namwera iyenera kudziwa kukwera, kudziwa kutsika, ndiponso kupirira ikachoka pa tala.

Kumene mbiri inachokera

Mpikisano wa Safari unayamba m'chaka cha 1953 pokondwerera kulongedwa ufumu kwa Mfumukazi Elizabeth II ya ku Britain. Unkachitika pa nyengo ya Pasaka, pamene mvula yaikulu imayamba kugwa ku East Africa, ndipo poyamba unkadutsa m'maiko atatu: Kenya, Uganda ndi Tanganyika, imene pambuyo pake inadzakhala Tanzania. Sunali mpikisano wozungulira bwalo. Galimoto zinkathamanga m'misewu ya anthu onse, usana ndi usiku, makilomita 5,000 kapena kupitirira apo, pakati pa malole, ng'ombe ndi nyama za kutchire. M'chaka cha 1963 zimene zinafika kumapeto zinali 7 zokha, ndipo mu 1968 zinalinso 7. Maulendo onse awiriwo wopambana anali Nick Nowicki, pa Peugeot 404. Mu 1966 ndi 1967 Bert Shankland wa ku Tanzania anapambananso pa 404 yomweyo. Kotero pofika 1968 munthu wofuna galimoto yolimba mu Africa sankafunsanso zambiri: ankaloza ya chizindikiro cha mkango.

Ajapani anabwera mwakachetechete. Nthawi imeneyo katundu wa ku Japan ankanyozedwa, ankati ndi wotsika mtengo komanso wosachedwa kutha. Koma mu 1970 Edgar Herrmann, Mjeremani wokhala ku Kenya, anapambana Safari pa Datsun 1600 SSS. Chaka chotsatira, 1971, kampani ya Nissan inabweretsa 240Z, ndipo Herrmann pamodzi ndi mnzake wowerenga njira, Hans Schuller, anapambananso. Wachiwiri anali mnyamata wobadwira ku Uganda, Shekhar Mehta, pa 240Z inzake. Mu 1973 Mehta yemweyo, banja lake litathamangitsidwa ku Uganda ndi Idi Amin chaka cham'mbuyo mwake, anatenga chikho pa 240Z. Galimoto yake inafika kumapeto itathothoka chitsulo chophimba tayala limodzi la kutsogolo, ndipo kampani ya Nissan ikuisunga ku Zama, ku Japan, ili ndi zipsera zake zomwezo.

Peugeot inabwezera. Mu 1975 Ove Andersson wa ku Sweden anapambana pa 504 wamba ya zitseko zinayi, ndipo mu 1978 Mfalansa Jean-Pierre Nicolas anapambana pa 504 Coupé ya injini ya V6, atasiya m'mbuyo galimoto za Porsche 911 zimene zinafika pachiwiri ndi pachinayi. Chaka chomwecho Nicolas anapambananso mpikisano wa Bandama ku Côte d'Ivoire pa Coupé yomweyo. Pa chiwerengero cha zikho za Safari, tsono, 240Z ili ndi ziwiri, Coupé chimodzi. Komabe wowerenga asathamangire kugamula, popeza galimoto ziwirizi zinapambana m'zaka zosiyana, ndipo pajatu liwiro la mumchenga mumayambira limodzi. Chinanso n'chakuti galimoto za mpikisano sizinali zimene munthu ankagula m'sitolo. Zinkakwezedwa msinkhu, kutchingidwa ndi zitsulo kumimba, ndi kupatsidwa injini za mphamvu ya akavalo oposa 200, ndipo gulu la amakaniko linkazidikira m'njira ndi zipangizo zatsopano.

Mwana wa ku Japan wolerera ku America

Datsun 240Z inabadwa chifukwa cha msika wa ku America. Kumeneko kunali mkulu wa kampani ya Nissan dzina lake Yutaka Katayama, amene anaona kuti achinyamata ankakonda galimoto zing'onozing'ono za masewera zochokera ku Britain, monga MG ndi Triumph, koma ankadandaula kuti zimavutavuta. Pamene Jaguar ndi Porsche zinali zodula koposa. Iye analimbikira kwa akuluakulu ake ku Japan kuti apange galimoto yooneka ngati yodula, yothamanga ngati yodula, koma ya mtengo woti munthu wa pantchito wamba angaukwanitse. Galimotoyo inatuluka kumapeto kwa 1969. Kwawo inkatchedwa Fairlady Z, koma kunja dzina lachikazi limenelo linasiyidwa, nipatsidwa nambala yochokera ku kukula kwa injini yake. Ku America inkagulidwa pa madola ngati 3,500, ndipo ogula ankalembetsa maina ndi kudikira miyezi. Pofika 1973, pamene inalowedwa m'malo ndi 260Z, zoposa 100,000 zinali zitagulidwa m'dziko limenelo lokha.

Maonekedwe ake ndi osaiwalika: mphuno yaitali, denga lotsetsereka chakumbuyo, mipando iwiri yokha. Dalaivala amakhala pansi zedi, msana wake uli pafupi ndi matayala a kumbuyo, ngati munthu wopalasa bwato wakhala kutsigiro. M'mphuno yaitaliyo muli injini ya masilinda 6 ondondozana mu mzere umodzi, ya kukula kwa 2,393 cc, yomwera petulo m'makabuleta awiri. Galimoto yonse imalemera makilogalamu ngati 1,050, ndipo pa msewu wabwino imafika makilomita 200 pa ola.

Mwana wa mkango wovala suti ya ku Italy

Mbiri ya Peugeot 504 Coupé ndi ina. Kholo lake, 504 wamba, linatuluka mu 1968, nilandira ulemu wa galimoto yopambana ya chaka ku Europe mu 1969. Inali galimoto ya banja, ya dokotala ndi ya mlimi, yopangidwa kuti iyende mofewa pa msewu woipa. M'mwezi wa March 1969, pa chionetsero cha ku Geneva, kampani inaonetsa mtundu wa zitseko ziwiri. Liwu lakuti coupé m'Chifalansa limatanthauza chinthu chodulidwa, ndipo ndi zimenedi zinachitika: mtunda wa pakati pa matayala a kutsogolo ndi a kumbuyo unafupikitsidwa ndi masentimita 19. Thupi lake linajambulidwa ndi kusulidwa ku Turin, ku Italy, ndi kampani ya Pininfarina, yomwe ija inkajambulanso galimoto za Ferrari. Kunja kwake, tsono, ndi Mtaliyana wotchena. Koma mafupa, masipuling'i ndi miyendo ndi za bulu uja wa ku Sochaux.

Poyamba Coupé inali ndi injini ya masilinda 4 ngati ya 504 wamba, ya 1,796 cc, kenaka 1,971 cc, ndipo anthu ankati nkhope yakula kuposa mphamvu. Mu 1974 inapatsidwa injini ya masilinda 6 yokhala ngati chilembo cha V, ya 2,664 cc, imene makampani atatu, Peugeot, Renault ndi Volvo, anapangira pamodzi. Tsoka lake linali lakuti inafika pa nthawi yolakwika, mtengo wa mafuta utangokwera pa dziko lonse chifukwa cha mavuto a 1973, ndipo injini imeneyi inali yakumwa. Coupé inapangidwa mpaka 1983, koma zonse pamodzi sizinakwane 30,000. Ili ndi mipando inayi, ngakhale ya kumbuyoyo ndi yoyenera ana kapena mlendo wosadandaula, ndipo ya V6 imalemera makilogalamu ngati 1,300.

Pa chikweza

Tsopano galimoto ziwirizi ziimikidwe pa mlatho wa Shire, monga zinatulukira m'fakitale, ziyang'ane kum'mawa. Pokwera phiri chofunika si mphamvu ya injini payokha, koma katundu amene kavalo aliyense wasenza. Mabuku a ku America ankati 240Z ili ndi mphamvu ya akavalo 151, ndipo Coupé ya V6 inatuluka ndi 136. Apa ophunzira achenjere, chifukwa miyeso iwiriyi si yofanana. Aamerika a nthawiyo ankayeza injini ili yokha pa benchi, atachotsa zonse zoidyera mphamvu, pamene Azungu a ku Europe ankaiyeza monga ikhalira m'galimoto. Pa muyeso wa ku Europe, 240Z ili ndi akavalo ngati 130. Kunena zoona, injini ziwirizi ndi zolingana mphamvu. Kusiyana kuli pa thupi: kavalo aliyense wa Datsun amakoka makilogalamu ngati 8, pamene wa Peugeot amakoka pakati pa 9 ndi 10. Pa chikweza cha tala youma Datsun ikhala patsogolo, ndipo pa ngodya iliyonse mpatawo uzikula, popeza galimoto yopepuka ndi yaifupi msinkhu siyendama kwambiri pokhota.

Palinso nkhani ya kalankhulidwe ka injini, imene okonda galimoto amaitenga ngati nkhani ya nyimbo. Masilinda 6 a mu mzere umodzi amalinganizana okha, kotero injini ya Datsun imazungulira mosalala ngakhale dalaivala aiumirize. Injini ya Peugeot inali itakonzedwa poyamba kuti ikhale ya masilinda 8, ndipo awiri anachotsedwa pofuna kupulumutsa mafuta. Chotsatira chake, masilinda ake saphulika motalikirana mofanana, ndipo ikaima pamalo amodzi imamveka ngati munthu wotsimphina. Sikuti ndi yofooka ayi, koma khutu la makaniko silikondwera nayo.

Phiri limalanda zonse ziwiri msonkho wofanana. Mpweya umachepa munthu akamakwera, ndipo injini yopuma yokha imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 100 a mphamvu yake pa mamita 100 alionse. Pa phiri la Namwera kutayako n'kochepa, koma ku mapiri a Kenya, kumene Safari inkadutsa pa mamita oposa 2,000, gawo limodzi mwa magawo asanu a mphamvu linkatsalira m'munsi.

Pa mtsetse

Kutsika ndiko kumene phiri limaonetsa mano ake, ndipo apa aphunzitsi a sayansi ali ndi chitsanzo chaulere cha ana a Fomu 3. Galimoto ikatsika phiri, mphamvu yonse imene inasonkhanitsa pokwera iyenera kupita kwina kwake. Mphamvuyo imapezeka pochulukitsa kulemera kwa galimoto ndi kutalika kwa pamene yatsika, ndi kuchulukitsanso ndi 10 chifukwa cha kukoka kwa dziko. Wophunzira ayerekeze kuti galimoto yatsika mamita 400. Ya makilogalamu 1,300 iyenera kutaya ma joule 5,200,000, pamene ya makilogalamu 1,050 itaya 4,200,000. Lita imodzi ya madzi ozizira imafuna ma joule ngati 340,000 kuti ifike powira. Ndiye kuti Peugeot ikutsika ndi moto wokwanira kuwiritsa malita 15 a madzi, ndipo Datsun malita 12. Dalaivala akadalira phazi lokha, mbali yaikulu ya moto umenewu imathera m'mabuleki, m'tizitsulo tosakwana ndi chikhatho chomwe.

Mabuleki akatentha mopitirira amaleka kugwira. Mafuta ake amatha kuwira, ndipo dalaivala akaponda phazi limangolowa pansi popanda chochitika. Pa mayeso amenewa Peugeot, ngakhale ndi yolemera, ili ndi chida chabwino: matayala ake onse anayi ali ndi mabuleki a mbale yoonekera, imene mphepo imaiziziritsa galimoto ikamayenda. Datsun ili ndi mabuleki otere kutsogolo kokha. Kumbuyo ili ndi akale aja a ng'oma yotsekeka, imene imasunga kutentha ngati mphika wovundikira. Apa ndi pamene kampani ya Nissan inapulumutsira ndalama kuti mtengo ukhale wotsika. Munthu wotsika phiri kamodzi mwaulemu sangaone kusiyana kwake. Wotsika mothamanga, kapena wobwereza katatu pa tsiku, adzakuona.

Kuchoka pa tala

Pa njira yadothi yopita ku esiteti kapena kumudzi, mpikisano umatembenuka kotheratu. Datsun 240Z ya m'sitolo ndi yaifupi, masipuling'i ake ndi olimba ndiponso oyenda pang'ono, ndipo mphuno yaitaliyo imafika pa chigwembe dalaivala asanachione. Pa mizere imene malole amasiya m'dzinja, mimba yake ikhoza kukhala pa dothi matayala ali lendelende. Ngakhale m'mpikisano, madalaivala ankaidziwa kuti ndi galimoto yotentha mkati ndi yofuna mikono. Peugeot apa ili kwawo. Masipuling'i ake amayenda mtunda wautali kukwera ndi kutsika, kotero tayala limatsata dzenje popanda kugwedeza wokwera. Chitsulo chozungulira chopititsa mphamvu ku matayala a kumbuyo chimadutsa mkati mwa paipi yolimba, ndipo mwala kapena chitsa sizichikhudza. Zimenezi Coupé sinaziphunzire ku Italy, inabadwa nazo. Nzosadabwitsa kuti 504 wamba inapitiriza kulumikizidwa ku Kenya ndi ku Kaduna, Nigeria, mpaka zaka za m'ma 2000, ku Europe itaiwalika kale.

Akadakhala kuti mlandu ukuthera apa, bwenzi Peugeot itatenga chikho, chifukwa ku Namwera dothi ndi lochuluka kuposa tala. Koma pali mboni zina ziwiri zimene okonda maonekedwe amaziiwala.

Yoyamba ndi mbali ya chiwongolero. M'Malawi galimoto zimayenda kumanzere kwa msewu, ndipo dalaivala amayenera kukhala kumanja kuti aone zakutsogolo. Ku Japan amayendanso kumanzere, kotero 240Z ya chiwongolero cha kumanja inkatuluka m'fakitale momwemo. Peugeot wamba zinkapangidwa za mbali zonse ziwiri, koma Coupé inkatuluka ndi chiwongolero cha kumanzere, ndipo zochepa za kumanja zinali zochita kusinthidwa ndi amisiri pambuyo pake. Pa msewu wokhotakhota, munthu wokhala kumanzere akafuna kupitirira lole yokwawa ndi fodya ayenera kutulutsa theka la galimoto asanaone chimene chikubwera. Chimenecho si chilema chaching'ono.

Mboni yachiwiri ndi makaniko wa pansi pa mtengo wa mango. Galimoto iliyonse imafa tsiku lina, ndipo funso ndi lakuti adzaidzutse ndani. Munthu angaganize kuti Coupé, pokhala m'bale wa 504 yodzaza m'dziko, sikadasowa zipangizo. Pa miyendo ndi masipuling'i zimenezo n'zoona ndithu. Koma injini ya V6 inalibe chibale ndi Peugeot zonyamula anthu kuno, ndipo ngakhale Coupé ya masilinda 4 sinkamwera m'kabuleta: inali ndi pampu yopopera petulo ya Kugelfischer, chipangizo chosakhwima ngati wotchi, chosafuna fumbi, chosafuna mafuta a m'chigubu, chosafunanso sipanala ya munthu wongoyesa. Galasi kapena chitseko chikaphwanyika, cholowa m'malo mwake chinali ku Europe. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Injini ya Datsun, kumbali yake, inali injini ya Datsun 1600 yoonjezeredwa masilinda awiri. Kukula kwa silinda iliyonse n'kumodzimodzi. Makabuleta ake anali a mtundu wa SU, umene amakaniko anauzolowera pa galimoto za ku Britain. Munthu wodziwa kukonza Datsun wamba sakadachita mantha kutsekula boneti ya 240Z.

Zonse zikaikidwa pa sikelo, chigamulo chikukomera Datsun, ngakhale mwiniyo ayenera kuisiya pa tala ndi kumalizira ulendo wa kumudzi pa njinga. Peugeot yoyeneradi Namwera si Coupé ayi, koma mkulu wake wa zitseko zinayi, kapena yaitali ija ya mizere itatu ya mipando, kapena pikiapu. Ndipo apa ndi pamene pagona kusiyana kwenikweni kwa galimoto ziwirizi. Coupé inabwereka mbiri kwa abale ake: 404 ndi 504 wamba zinali zitapambana kale Safari kasanu iyo isanapambane kamodzi. Datsun 240Z inachita zosiyana, inabwereketsa mbiri kwa abale ake. Munthu wa ku Nairobi, ku Lusaka kapena ku Blantyre amene anamva pa wailesi kuti galimoto ya ku Japan yapambana Safari sanapite kukagula 240Z. Analibe ndalama zake, analibenso pokhazika ana. Anapita kukagula 120Y kapena pikiapu yaing'ono ya 1200, mtima uli m'malo. Pikiapu imeneyo inapangidwa ku South Africa kuyambira 1971 mpaka 2008, pomalizira ikutchedwa Nissan 1400, ndipo amuna a ku Mangochi amene anagwira ntchito ku Johannesburg akuidziwa bwino.

Zimene zinatsatira

Shekhar Mehta anadzapambananso Safari kanayi motsatizana, kuyambira 1979 mpaka 1982, pa galimoto za kampani yomweyo, ndipo anamwalira mu 2006. Katayama anakhala ndi moyo mpaka 2015, namwalira ali ndi zaka 105. Dzina lakuti Datsun linachotsedwa pa galimoto m'zaka za m'ma 1980 kuti patsale la Nissan. Linadzutsidwanso mu 2013, nkuikidwanso m'manda mu 2022. Safari yeniyeni inachoka pa mndandanda wa mipikisano ya dziko lonse pambuyo pa 2002, nibwereranso mu 2021 ili yofupikitsidwa kwambiri. Mu 2003 kunayambika mpikisano wina wa galimoto zakale zokhazokha, East African Safari Classic, ndipo woyamba kupambana anali Rob Collinge wa ku Kenya, pa Datsun 240Z. Mdani wamkulu wa galimoto zonse ziwirizi sanakhale msewu koma dzimbiri, limene linadya zambiri mwa izo. Zotsala zosadyeka zinasanduka chuma: mu 2020 240Z ina ya 1971, yosayendayenda, inagulidwa ku America pa madola 310,000.

Pa msewu wa Namwera, Ajapani anapambana kotheratu. Mlatho womwe wa pa Shire umene galimoto zimawolokapo lero unamangidwa kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000 ndi thandizo la boma la Japan, ndipo zimene zimakwera phirilo ndi anthu ndi katundu ndi a Toyota Sienta, a Probox ndi maminibasi a Hiace, zogwiritsidwa kale ntchito ku Japan. Chizindikiro cha mkango chimaoneka mwa apo ndi apo. Galimoto zamakonozi zili ndi zambiri zimene 240Z ndi Coupé zinalibe, koma masamu aja a potsika sanasinthe. Galimoto yaing'ono yopakira anthu ndi matumba mpaka kufika makilogalamu 2,000 imatsika mamita 400 ndi ma joule 8,000,000, moto wowiritsa malita oposa 23, pa mabuleki opangidwira banja limodzi la ku Osaka. Madalaivala a Peugeot ndi Datsun ankaphunzitsidwa kutsika phiri ndi giya yomwe anakwerera, kuti injini igwire galimoto, mabuleki apume. Galimoto zambiri za lero zimasintha giya zokha, ndipo pa ndodo yake pali chilembo cha L, kapena B, kapena nambala 2, choikidwa pamenepo chifukwa cha ntchito yomweyo.